Sitiroko mwa mtsikana wa zaka 6: lipoti la nkhani ndi zimene himogulobini S imachita m'mitsempha ya mu ubongo

Lipoti ili likunena za mtsikana wa zaka 6 amene tinamugoneka mu wodi ya ana pachipatala cha boma chimene ndimagwirapo ntchito, m'nyengo ya dzinja, atafa ziwalo za mbali ya kumanja komanso atasiya kulankhula. Dzina lake, mudzi wake ndi tsiku limene anabwera sindizitchula. Ndalemba nkhaniyi chifukwa anthu ambiri, ngakhale ena mwa ife ogwira ntchito zachipatala, timaona ngati sitiroko ndi ya akuluakulu odwala BP ndi shuga, chonsecho chimene chinagwetsa mwanayu ndi puloteni ya m'magazi imene anabadwa nayo, yotchedwa himogulobini S, yomwe inakhala ikuwononga mitsempha ya mu ubongo wake kwa zaka zingapo ife tili kalikiliki kumulembera mankhwala a malungo.

Mmene anabwerera

Mayi ake anafotokoza kuti mwanayo anatsegula m'mimba masiku awiri thupi likutentha, ndipo ankakana nsima n'kumangomwa timadzi pang'ono. M'mawa wa tsiku lachitatu anamudzutsa kuti amwe phala, koma atamupatsa kapu inapulumuka m'dzanja lamanja, ndipo atamuimiritsa mwendo wa mbali yomweyo unangopinda. Kamwa linali litapotokera kumanzere, dovu likuchucha. Akamuitana ankawayang'ana ndithu, koma mawu osatuluka. Anathamangira naye pa kabaza kuchipatala chaching'ono, kumene anamuyeza malungo pa chala n'kuwapeza, anamubaya mankhwala a malungo a artesunate n'kumutumiza kwa ife ndi kalata yonena kuti akuganizira malungo a mu ubongo. Anatipeza patadutsa maola pafupifupi 9 chionekere vutolo.

Ankalemera makilogalamu 16, omwe ndi ochepa pa msinkhu wake. Thupi linkatentha madigiri 38.4, mtima unkagunda ka 128 pa mphindi, ndipo okosijeni m'magazi anali pa 91 peresenti. Zikhatho ndi mkati mwa zikope munali mbuu, maso anali achikasu pang'ono, milomo itauma, ndipo chipumi chinali chotukuka. Kapamba sanamveke n'komwe pomukhudza, zimene zinandidabwitsa kwa mwana woti buku lake la kuchipatala ladzaza ndi malungo. Pa muyezo wa Blantyre Coma Score, woonera ngati mwana ali maso kapena chikomokere, anapeza 4 pa 5, pakuti maso ankatsatira nkhope ya mayi ake, ndikamutsina ankakankha dzanja langa ndi dzanja lake lamanzere, koma m'malo molira ankangobuula. Mwana wa malungo a mu ubongo amakhala pa 2 kapena kutsika, ali chikomokere. Uyu anali maso, akumva, ndipo chofooka chinali mbali imodzi yokha: dzanja lamanja silinkasuntha n'komwe, mwendo unkakwekwereka pabedi koma osanyamuka. Shuga wa m'magazi anali bwino, khosi linali lofewa, ndipo madzi a pamsana amene tinatenga atakhazikika anali oyera opanda chizindikiro cha meninjaitisi.

Chimene chinatembenuza maganizo anga ndi buku lake lija. Ali ndi miyezi 10 anatupa manja ndi mapazi akulira usiku wonse, ndipo zinalembedwa kuti ndi kunyentchera, anapatsidwa chiponde. Anaikidwa magazi katatu, ali ndi chaka chimodzi, zaka 3 ndi zaka 5, ndipo maulendo onse atatu chifukwa chake chinalembedwa chimodzimodzi, kuti malungo ndi kuchepa kwa magazi. Tsamba la ulendo wachiwiri linali la dzanja langa. Ndinamuona mwanayu zaka zitatu zapitazo, ndinamuika magazi, ndinamutulutsa ali bwino, koma sindinabwerere masamba am'mbuyo kuti ndidzifunse chifukwa chimene mwana mmodzi yemweyo akuthera magazi kawirikawiri. Nditawafunsa za ana ena, mayiwo anati mwana wawo woyamba anamwalira ali ndi zaka 3 atatheranso magazi, ndipo wamng'ono wa zaka 2 amene anali kumbuyo amadandaula kawirikawiri za kuphwanya kwa miyendo.

Ndinapempha a ku labu kuti atenge magazi tisanamuike ena, chifukwa magazi a munthu wina akalowa amasokoneza zotsatira. Himogulobini, puloteni yonyamula okosijeni m'magazi, inali yotsika kwambiri, pa 5.9 g/dL. Pa galasi panaoneka tizilombo ta malungo tochepa, koma panalinso maselo ofiira ambiri opindika ngati zenga, ena osongoka mbali zonse. Kachida koyezera mwachangu, kofanana ndi ka malungo kaja, kanasonyeza himogulobini S popanda himogulobini A, yomwe ndi yabwinobwino, ndipo magazi amene tinatumiza kuchipatala chachikulu anatsimikizira pambuyo pake kuti mwanayo ali ndi matenda a sickle cell a mtundu wa SS, kutanthauza kuti anatengera himogulobini S kwa makolo onse awiri. Malungo analipodi, koma sindiwo anapha ziwalo.

Kapangidwe ka puloteniyi

Himogulobini ndi puloteni imene yadzaza m'maselo ofiira a magazi, ndipo selo limodzi limakhala ndi mamolekyu ake pafupifupi 270 miliyoni. Molekyu iliyonse ili ndi maunyolo anayi a ma amino asidi otungidwa ngati mikanda, opindidwapindidwa n'kugwirana pamodzi: awiri otchedwa alpha, okhala ndi ma amino asidi 141 uliwonse, ndi awiri otchedwa beta, okhala ndi 146. Unyolo uliwonse wafungatira kagawo kotchedwa heme, kamene pakati pake pali atomu imodzi ya ayironi, ndipo apa ndi pamene okosijeni amagwira, motero molekyu imodzi imanyamula okosijeni anayi. Max Perutz wa ku Cambridge anatha zaka zoposa 20 akufufuza maumbidwe a puloteniyi ndi kuwala kwa X-ray, ndipo analandira mphoto ya Nobel mu 1962 pamodzi ndi John Kendrew. Ntchito yake inaonetsa kuti molekyuyi ili ndi maumbidwe awiri, ena ikanyamula okosijeni ndi ena ikamutula, ndipo okosijeni woyamba akagwira, maunyolo amasuntha mwa njira yoti otsatirawo agwire mosavuta. N'chifukwa chake himogulobini imadzaza msanga m'mapapo n'kukatula katunduyo mokwanira m'minofu.

Mwa mwana wathuyu zonsezi zinali m'malo mwake kupatula mkanda umodzi. Jini ya unyolo wa beta, kapena kuti malangizo obadwa nawo opangira unyolowu, imatchedwa HBB ndipo ili pa kromozomu 11. Pamene payenera kulembedwa GAG palembedwa GTG, ndipo chifukwa cha chilembo chimodzichi, pamalo a nambala 6 pa unyolo wa beta pamakhala amino asidi wotchedwa valine m'malo mwa glutamic acid. Linus Pauling ndi anzake anaonetsa mu 1949 kuti himogulobini ya odwalawa imayenda mosiyana ndi ya ena ikaikidwa pa mphamvu ya magetsi, yomwe ndi mfundo imene labu ya kuchipatala chachikulu inagwiritsa ntchito pa magazi a mwanayu, ndipo Vernon Ingram mu 1956 ndi 1957 anapeza kuti kusiyanako kwagona pa amino asidi mmodzi ameneyu.

Malo a nambala 6 ali kunja kwa molekyu, kumene imakhudzana ndi madzi a m'selo. Glutamic acid amagwirizana ndi madzi, koma valine amawathawa monga amachitira mafuta, choncho amafunafuna pobisala. Molekyu ikanyamula okosijeni, pobisalapo sipapezeka. Ikangomutula n'kusintha maumbidwe, valine wa molekyu imodzi amakalowa m'kadzenje kopangidwa ndi phenylalanine wa nambala 85 ndi leucine wa nambala 88 pa unyolo wa beta wa molekyu yoyandikana nayo, iyonso n'kukola inzake, mpaka pamapangika chingwe chachitali chopotedwa ndi mizere 14. Zingwe zimenezi zikachuluka zimauma gwa n'kukankha khungu la selo, ndipo selo limene linali lofewa lotha kudzipinda podutsa m'timitsempha ting'onoting'ono limasanduka zenga lija tinaliona pa galasi.

Pali mfundo imodzi imene ndimafuna aliyense wosamalira ana amenewa aidziwe bwino, chifukwa ndi imene imalumikiza labu ndi bedi la wodwala. Zingwezi sizipangika nthawi yomweyo okosijeni akachoka. Pamadutsa kanthawi kodikira, kamene William Eaton, James Hofrichter ndi Philip Ross anakafotokoza mu 1974, ndipo selo likakwanitsa kudutsa m'timitsempha tating'ono n'kubwerera kumapapo kanthawiko kasanathe, limapulumuka. Kanthawi kameneka kamadalira kwambiri kuchuluka kwa himogulobini S m'selomo, moti selo likangotaya madzi pang'ono n'kukhuthala mkati, kamafupika kambirimbiri. Kutentha thupi, kuchuluka kwa asidi m'magazi ndi kuchepa kwa okosijeni zimakafupikitsanso. Mwana wathu anatsegula m'mimba masiku awiri osamwa mokwanira, thupi likutentha, malungo akuswa maselo amene anali ochepa kale. Zonse zimene zimafupikitsa kanthawi kaja zinamukumanirana.

Chifukwa chake ubongo

Munthu angaganize kuti sitiroko ya ana amenewa imabwera chifukwa maselo opindika atseka timitsempha tating'ono, monga zimachitikira pa ululu wa m'mafupa. Izi zimachitika, ndipo zimathandizira ku timabala tobisika ta mu ubongo timene timaoneka pa sikani ya MRI mwa mwana pafupifupi mmodzi pa atatu alionse, ngakhale asanafepo chiwalo. Koma sitiroko yoonekera ngati iyi kawirikawiri imachokera m'mitsempha ikuluikulu, makamaka kumapeto kwa mtsempha wa internal carotid ndi kumayambiriro kwa middle cerebral ndi anterior cerebral. Selo lofiira labwinobwino limakhala masiku pafupifupi 120, pamene la sickle cell limasweka pakati pa masiku 10 ndi 20. Himogulobini yotayikira m'magazi imameza nitric oxide, mpweya umene umafewetsa mitsempha ndi kuletsa magazi kuundana. Maselo owonongeka amamatirira ku khungu la mkati mwa mtsempha n'kumalikwecha, ndipo popeza magazi ndi ochepa, mtima umawathamangitsa mwamphamvu pamalo opindika ndi ogawikana amenewa usana ndi usiku. Khungu lija limachita chipsera n'kumakhuthala, njira n'kumachepa chaka ndi chaka. Mwa ana ena mtsempha umatsekekeratu ndipo pamamera timitsempha tambirimbiri tolambalala, timene madokotala a ku Japan anatitcha moyamoya chifukwa pa chithunzi timaoneka ngati utsi.

Ubongo wa mwana wamng'ono umafuna magazi ambiri kuposa wa wamkulu, ndipo mwa mwana wochepa magazi mitsempha yake imakhala itatseguka kale mpaka pamapeto kuti ikwanitse zofunika za tsiku ndi tsiku. Himogulobini ikatsika mwadzidzidzi, palibenso potsegula, ndipo dera limene lili kuseri kwa mtsempha wochepa uja ndi limene limayamba kufa. Mtsempha wa middle cerebral wa kumanzere umadyetsa mbali ya ubongo yoyendetsa nkhope ndi dzanja lamanja komanso yopanga mawu, zimene zikugwirizana ndi kapu yopulumuka ija ndi kusalankhula. Kafukufuku wamkulu wa ku United States amene zotsatira zake zinatuluka mu 1998 anapeza kuti odwala SS 11 pa 100 alionse anali atadwalapo sitiroko pofika zaka 20, ndipo mwa ana ngoziyi inali yaikulu kwambiri pakati pa zaka 2 ndi 5.

Chithandizo

Tinamuika pa okosijeni ngakhale sankabanika, chifukwa himogulobini S yonyamula okosijeni sipanga zingwe. Tinamupatsa dripi yobwezera madzi mosamala, paracetamol wotsitsa kutentha, ndipo tinapitiriza artesunate ndi ceftriaxone, poti sickle cell imawononga kapamba, ndipo mwana wopanda kapamba wogwira ntchito sachedwa kugwidwa ndi mabakiteriya a m'magazi. Chachikulu chinali magazi. Anapezeka patatha maola atatu, ndipo tinamuika maselo ofiira okhaokha mamililita 160, omwe ndi 10 pa kilogalamu iliyonse, pang'onopang'ono kwa maola anayi. M'mawa mwake himogulobini inali 8.7 g/dL.

Mnzanga wina anafunsa chifukwa chimene sitikuwonjezera thumba lina kuti tifike pa 12. Funsoli n'lomveka, koma magazi okhala ndi maselo a sickle cell amakhuthala kwambiri maselo akachuluka, ndipo kupitirira 10 g/dL pongowonjezera kungachedwetse kuyenda kwa magazi pa mtsempha wochepa uja n'kukulitsa bala. Chimene chimafunika pa sitiroko ndi kutsitsa himogulobini S kufika pansi pa 30 peresenti, ndipo izi zimatheka pochotsa magazi a wodwala kwinaku mukuika ena. Nditawerengetsa ndinaona kuti kuchoka pa 5.9 kufika pa 8.7 ndiye kuti gawo limodzi lokha mwa magawo atatu ndi la magazi atsopano, motero tinali kutali. Tinamutumiza kuchipatala chachikulu tsiku lachitatu, kumene anamusinthanitsa magazi kamodzi ndi majakisoni a pamanja, ndipo sikani ya CT inaonetsa dera lakufa kumanzere kwa ubongo, m'chigawo cha middle cerebral, popanda kukha magazi. Anabwerera kwa ife patatha masiku 9 n'kuyamba mafizo.

Funso lovuta linali la mtsogolo. Popanda chitetezo, ana pafupifupi awiri pa atatu alionse amene adwala sitiroko yotere amadwalanso, ambiri m'zaka zitatu zoyambirira. Njira yodalirika ndi kuika magazi mwezi uliwonse pamodzi ndi mankhwala ochotsa ayironi amene amachuluka m'thupi chifukwa cha magaziwo, ndipo kafukufuku wa SWiTCH wa mu 2012 anaonetsa kuti njirayi imaposa mankhwala akumwa a hydroxyurea poteteza sitiroko yachiwiri, pakuti ana 7 mwa 67 amene anasinthidwira ku hydroxyurea anadwalanso pamene mwa 66 opitiriza magazi panalibe ndi mmodzi yemwe. Sindinabise zimenezi kwa makolo. Koma banjali limakhala kutali, magazi sapezeka mwezi uliwonse, ndipo mankhwala ochotsa ayironi tilibe, choncho lonjezo la magazi a mwezi ndi mwezi likanakhala la pakamwa chabe. Tinasankha hydroxyurea, amene kafukufuku wa REACH wa ku Angola, Democratic Republic of Congo, Kenya ndi Uganda anaonetsa mu 2019 kuti ana a mu Africa amamulandira bwino, ndipo amachepetsa ululu, kuikidwa magazi, imfa, ngakhalenso malungo pafupifupi ndi theka.

Mankhwalawa amagwira ntchito pa puloteni yomweyi. Amachititsa thupi kupanganso himogulobini F, ya mwana wosabadwa, imene ili ndi maunyolo a gamma m'malo mwa beta. Pamalo a nambala 87 unyolo wa gamma uli ndi glutamine pamene wa beta uli ndi threonine, ndipo molekyu yotere silowa m'chingwe chija, motero imasungunula himogulobini S n'kutalikitsa kanthawi kodikira. Ichi ndi chifukwa chakenso makanda a sickle cell amaoneka bwino miyezi yoyambirira, n'kudzayamba kutupa manja himogulobini F ikatsika, monga anachitira mwanayu pa miyezi 10. Mlingo wa mamiligalamu 20 pa kilogalamu unali 320 patsiku, koma makapisozi amene tinali nawo ndi a 500, choncho tinagwirizana kuti azimwa kapisozi mmodzi masiku asanu pa mlungu, kupumula Lachitatu ndi Lamlungu, ndipo anamwino anajambula masikuwo pachikuto cha buku lake. Tinawonjezera folic acid, mankhwala oteteza malungo ndi neti.

Banja

Tsiku lachiwiri kunabwera amalume ake a mwanayo, omwe ndi mwini mbumba, ndipo anandiitanira pambali. Anati, "A dokotala, mwana wamng'ono chonchi sangafe ziwalo popanda munthu. Ameneyu amumenya hamala, tipatseni tikaone kwina." Sindinawatsutse pamaso pa mlongo wawo. Ndinawatengera ku labu n'kuwaonetsa pa maikulosikopu magazi a mwanayo, kenako a mnzathu wina wogwira ntchito amene anavomera, ndipo anakhala nthawi akusuzumira, n'kufunsa ngati tizengato tingawongoke. Ndinayankha kuti ena amawongoka akalandira okosijeni, ena anaumiratu, ndipo anavomera kuti mwana atsale.

Kuchimuna kunali kutamveka kale mawu oti nthendayi ndi ya kuchikazi, poti mwana woyamba anapitanso chimodzimodzi. Tinayeza makolo onse awiri ndipo onse anapezeka ndi AS, kutanthauza jini imodzi yabwino ndi imodzi ya S. Ndinawauza ali pamodzi kuti, "Bambo, mayi, mwanayu analandira mbewu imodzi kwa aliyense wa inu, ndipo pa mimba iliyonse pali mwayi umodzi pa inayi woti zibwerezeke, ngakhale ana am'mbuyo akhale otani." Ndinawafotokozeranso kuti jini imodzi ya S imateteza ku malungo aakulu, monga anaonetsera Anthony Allison ku East Africa mu 1954, ndipo n'chifukwa chake yafala kumadera a malungo ngati kwathu kuno. Bambowo anakhala chete kwa kanthawi, kenako anapempha kuti timuyezenso wamng'ono uja.

Pambuyo pa miyezi 6

Mtsikanayu akuyenda yekha akukoka phazi lamanja pang'ono. Akulankhula ziganizo zifupizifupi, ndipo mawu ena akamusowa amaloza chinthucho. Dzanja lamanja likugwira kapu koma zala sizitola nyemba, moti akudya ndi kuphunzira kulemba ndi lamanzere. Himogulobini ili pa 8.1 g/dL popanda kuikidwanso magazi, kukula kwa maselo ofiira kwakwera kuchoka pa 84 kufika pa 99 fL, chomwe ndi chizindikiro chakuti mankhwala akumwedwa, ndipo maselo oyera sanatsike mopitirira. Mwezi umodzi makapisozi anatha kwathu ndipo banjalo linagulitsa nkhuku kuti likagule kufamase. Sanadwalenso sitiroko, koma akadali m'zaka zoopsa zija, ndipo mayi ake akudziwa kuti kufooka kwa chiwalo, kupotoka kamwa, mutu waukulu kapena kukomoka n'zofunika kubwera naye tsiku lomwelo, ngakhale zitatha zokha panjira.

Mlongo wake wa zaka 2 anapezekanso ndi SS. Kafukufuku wa STOP wa mu 1998, wotsogoleredwa ndi Robert Adams, anaonetsa kuti makina a transcranial Doppler amatha kupeza ana amene magazi awo akuthamanga masentimita 200 pa sekondi kapena kuposa m'mitsempha ikuluikulu ija, ndipo mwa ana 130 otere, 11 a gulu losaikidwa magazi anadwala sitiroko pamene m'gulu loikidwa magazi anadwala mmodzi yekha. Mnyamatayu wangofika msinkhu woyamba kuyezedwa chaka chilichonse, koma makinawo pachipatala chathu palibe. Tamuyambitsa penicillin, mankhwala oteteza malungo ndi hydroxyurea osadikira kuyezako, talemba kalata yomupempherera malo kuchipatala chachikulu, ndipo pachikuto cha mabuku a ana onse awiri talemba SS ndi inki yofiira kuti aliyense wowalandira aone asanatsegule tsamba loyamba. Abweranso limodzi mwezi wamawa kudzayezedwa magazi.